Kulambulira Tisungeni

Mayi Takondwa anabwerako ku Itepela misozi ili m'maso. Achipatala anali atabwera ndi katemera wa chimfine chachikulu chija amati giripe, koma mwana wawo Tisungeni anamubweza osamubaya. Anati ngwamng'ono kwambiri.

Amuna awo, a Gabrieli, atamva anaponya pansi fodya amene ankasankha. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, kathupi kake kongokwana m'manja awiri. Ndipo nyengo yozizira inali pafupi, nthawi imene banja lonse limasindikizana m'chigafa kusankha fodya, khanda likuyenda pamiyendo ya aliyense amene manja apumako. Chaka chatha chifuwa chinawagwetsa onse m'chigafa momwemo. Ankati ndi fumbi la fodya, mpaka agogo Yohane anawanyamulira kuchipatala ku Cuamba akulephera kupuma.

Madzulo ake anamwino, mayi Jacinta, anafika okha panjinga yamoto. A Gabrieli sanadikire ndi moni womwe. Anafunsa kuti chilungamo chili pati, kubaya ana onenepa n'kusiya wofooka.

Anamwino anafotokoza kuti katemerayu amayambira pa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Kenako anayang'ana m'chigafa monse.

"Nanga inu abambo ake munali kuti? Agogo? Achimwene awa?"

"Katemera ndi wa ana ndi azimayi," anatero a Gabrieli. Anapinda malaya n'kuonetsa chipsera cha paphewa. "Ife tinamaliza kalekale."

Agogo nawo anapinda awo, monyadira ndithu. Apa ndiye pamandipsetsa mtima ine wokamba nkhaniyi. Abambo ambiri kwathu kuno amatuma mkazi kuchipatala ngati matenda amaopa ndevu, chonsecho mwana amamutsokomolera ndi iwo omwe.

Mayi Jacinta anaseka, nati chipsera chimenecho n'cha katemera wa chifuwa chachikulu, giripe sachidziwa n'komwe. Kachilombo ka giripe kamasintha chaka ndi chaka, n'chifukwa chake katemera wake amabwerezedwa chaka chilichonse. Kenako analoza panja, pomwe a Gabrieli anali atapala udzu kuzungulira chigafa.

"Mwalambuliranji apa, bambo?"

"Kuopa moto wolusa."

"Si munalambula chaka chatha?"

"Udzu umameranso, mayi."

"Chigafa sichingathawe moto, ndiye mumachotsa udzu umene motowo ungadzerepo. Tisungeni nayenso sangadziteteze. Matenda adzafika kwa iye kudzera mwa inu amene mumamunyamula."

A Gabrieli anayang'ana manja awo akuda ndi utomoni wa fodya, n'kuyang'ananso kamwana kali mtulo. M'mawa mwake anatsogolera banja lonse kukabayitsa ku Itepela, agogo ali pakaliyala ya njinga akudandaula kuti akalamba nazo zobayidwa. Anzawo pamsika anawaseka kuti akupita kusikelo ngati mayi woyembekezera. A Gabrieli anangoima pamzere.

Kuzizira kutafika, giripe analowa m'mudzi. Zigafa zina zinatsekedwa, fodya ali pansi wopanda womusankha. Kwa a Gabrieli agogo anatsokomola masiku ochepa, anawapatula kaye kwa mwana, kenako agogowo anadzuka. Anamwino anali atanena kale kuti wobayidwa akhoza kudwalabe, koma kawirikawiri sadwala modetsa nkhawa.

Tisungeni sanatenthe thupi. Tsiku lina a Gabrieli anamuika pachifuwa pawo, n'kumamvetsera kampweya kake kakulowa ndi kutuluka bwinobwino. Anakhala choncho nthawi yaitali, fodya atamuiwala.

"Amake Tisungeni," anatero chapansipansi, "jekeseni analowa pa mkono wanga, koma wapulumuka ndi uyu. Zoona zimenezi?"

N'zoona. Katemera wa giripe si wa ana ndi azimayi okha. Ndi wa aliyense kuyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka agogo, chaka chilichonse. Funsani kuchipatala cha kwanu, ndipo akapezeka pitani nonse, abambo patsogolo. M'nyumba mwanu muli wina amene sangabayidwe, ndipo akudalira mkono wanu.