Mafuta Akuda pa Msewu wa Amayi

Achimwene anga a Clovis ndi munthu wabwino mtima, ndipo n'zomwe zimandinyansa. Akanakhala oipa bwenzi ndikuwatukwana momasuka.

Ankagwira ntchito kufakitale yoyenga mafuta kufupi ndi mzinda wa Lake Charles. Akachotsa petulo, palafini ndi phula, pansi pa thanki pankatsala chiphala chakuda chonunkha. Chimenechi ankangogawa ulere, ndipo anthu kwathu ankathira m'misewu yadothi kuti fumbi ligone. Ngakhale ansembe anathiritsa pabwalo la tchalitchi.

Amayi anali ndi mphumu. Lole ikadutsa n'kubutsa fumbi ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Dokotala anati asamukire m'tauni, iwo anakana kwamtuwagalu. Nyumbayo anamanga ndi malemu bambo athu, chitsime anakumba okha ndi manja awo, ndiye Amayi anati adzatulukamo ali m'bokosi.

"Basi tithane ndi fumbilo," anatero a Clovis. Anabwera ndi thanki yodzaza n'kuthira kuyambira pamlatho mpaka pakhomo. Zotsala anakhuthulira pabwalo, cha kuchitsime.

"Achimwene, mwachulutsa," ndinatero.

"Iwe Eulalie, unayengapo mafuta liti? Kaphike mpunga uko."

Chilimwe chonse Amayi anapuma bwino, akutama mwana wawo kwa aliyense wodutsa. Kenako mvula inagwa. Khofi anayamba kumveka palafini, mafuta akuyandama mu ndowa ya madzi a pachitsime. Amayi ankangomwa osanena kanthu, kuopa kuchititsa mwana wawo manyazi. Ine ndinazidziwa tsiku lomwe ndinawapeza akusanza kuseri kwa nyumba. Ndinalira, koma kunali kulira kwa ukali.

Wa zaumoyo atabwera anangonunkhiza madziwo n'kukhomera chitsime matabwa. Mipope kumeneko kunalibe, ndipo munthu wokalamba sangakhale panyumba popanda madzi.

Tsiku losamuka a Clovis anapakira okha katundu yense, osayang'ana munthu kumaso. Amayi anakhala pakati pathu mu lole, manja ali pamiyendo. Titafika pamlatho anatiimitsa a Doucet, mkulu wa kumtunda kwa msewu, yemwe anali asanamve za chitsime.

"Clovis mwanawe, kwathu udzathira liti? Fumbi latikwana."

Anayankha ndi Amayi, maso ali kutsogolo.

"Fumbi limasesedwa, a Doucet. Pitani mukasese."