Sefa ya Janeth

Seva ya bungwe lowerenga nsomba, kompyuta yaikulu imene maimelo awo onse ankadutsiramo, inkakhala m'kachipinda kopanda zenera, kumbuyo kwa ofesi yawo ya pa boma la Mangochi, ndipo munthu yekhayo amene ankalowamo osagogoda anali Janeth. Anabwera kuchokera ku Dedza chaka chapitacho, atanyamula satifiketi ya zamakompyuta ndi majuzi atatu amene sanawavalepo chifikireni. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali lakuti ankadziwanso kuti akuidziwa.

Mwezi wa Okutobala umenewo seva inadzaza ndi sipamu, mauthenga achabechabe otumizidwa mwachisawawa. Maroboti a pa intaneti anapeza fomu yolemberapo mafunso pa webusaiti ya bungwelo, n'kuyamba kuthiramo zinyalala mosapumira: mankhwala a mphamvu za abambo, mphoto za mipikisano imene palibe analowa, amayi amasiye a kumayiko akutali ofunafuna munthu wachifundo. Zina zinkadutsira pa seva yomweyo kupita kunja, mpaka maseva a anthu ena anayamba kukana imelo iliyonse yochokera ku bungwelo. Lipoti la a Macloud, mkulu wa ofesi, linabwerera katatu. Kachitatuko anadzuka okha pampando n'kukaima pakhomo pa kachipinda kaja.

"Mayi, kodi tinakulembani ntchito yanji?" anafunsa motsitsa mawu. A Macloud akatsitsa mawu ndiye kuti zafika poipa.

Janeth anatha masiku atatu akumanga sefa, ndipo anaimanga ndi mkwiyo. Lamulo loyamba linali lakuti uthenga wochokera kwa munthu wosadziwika uziyamba wadikira mphindi khumi pakhomo. Lachiwiri, ukabwera ndi anzake ofanana nawo mawu kuchokera ku maadiresi osiyanasiyana, onsewo azitsekeredwa malo amodzi amene iye ankawatcha khola. Chimene ankanyadira kwambiri chinali chachitatu: sefayo inkaphunzira yokha. Mawu amene yawapeza m'mauthenga otsekeredwa inkawasunga, ndipo ikawaonanso kwina sinkafunsa munthu. Pofika Lachitatu mabokosi a imelo anali mbee, lipoti linadutsa, ndipo Janeth ankayenda m'khonde ngati mwini ofesi.

Lachinayi m'mawa kunabwera Che Uladi, woyendetsa boti la bungwelo, munthu wa ku Lungwena. Tsiku limenelo ankanyamula anthu atatu kupita ku kampu ya pachilumba china m'kati mwa nyanja, ulendo wa maola anayi, kukakhala sabata ziwiri. Kumeneko foni sigwira. Kuli kambale ka setilaiti ndi laputopu imodzi, ndipo a Macloud anatseketsa zina zonse kuti pazidutsa imelo yokha.

"Achemwali, ndabwera ndi pempho," anatero Uladi, ataima pakhomo manja ali kumbuyo. "Bambo anga, Che Ibrahimu, adwalika. Ngakhale phala sakumwanso. Ndinapempha kuti ulendo uno ndisapite, koma akuti boti silingayende popanda ine."

"Pepani. Ndiye mukufuna ndikuthandizeni bwanji?"

"Mwana wamwamuna ndilipo ndekha. Dzana anandigwira dzanja n'kunena kuti, Uladi, tsiku langa likafika m'manda ukalowemo ndiwe, ukandilandire ndi manja ako, ukanditembenuzire ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera. Ine ndinavomera. Ndiye mundipatseko nambala yanu ndikawasiyire kunyumba, kuti zikachitika akuimbireni."

Janeth anachita tsinya. Anapatsapo dalaivala wina nambala yake, ndipo pasanathe sabata ankaimbiridwa ndi anthu ofuna awakonzere mafoni Lamulungu.

"Nambala yanga si ya ofesi, Che Uladi. Komanso imelo ndi yodalirika kuposa foni. Ndani amene angalembe kunyumba kwanu?"

"Mchemwali wanga Awa."

"Ndipatseni adiresi yake ndiiike pa anthu odziwika. Uthenga wa Awa suima paliponse, uzikupezani pa mphindi yomweyo."

Uladi anailemba pakapepala mosamala ngati akulemba mayeso. Asanatuluke anatembenuka. "Paja kwathu kuno maliro sagona, achemwali."

"Ndamva," anatero Janeth, maso ali pa kompyuta. Kumva anamvadi, koma mawuwo sanakhale. Kwawo ku Dedza maliro a agogo ake anagona masiku atatu kudikira mwana wawo wa ku Joni, kwaya ikusinthana ndi kwaya inzake. M'mutu mwake maliro chinali chinthu chimene chimadikira mwana.

Loweruka ofesi inali yotseka. Dzuwa linatuluka lolusa kale, ndipo Janeth anayamba kuchapa lisanafike pamutu. Sefa ija anaikonza kuti ola lililonse izimutumizira nambala ya mauthenga amene yatsekera. Masiku apitawo inkanena atatu, anayi, nthawi zina ziro. Cha m'ma 7 koloko foni inalira pa chidebe chovundikira. Khumi ndi asanu ndi anayi.

"Mwabweranso eti," anatero, akupukuta thovu m'manja. "Bwerani, khola ndi lalikulu."

Ola lotsatira inati makumi atatu ndi umodzi. Kenako makumi anayi. Anayanika zovala, anakagula usipa ndi tomato kumsika, anakangana ndi wakabaza amene anamupaka fumbi. Nambala ija inkangokwera pang'onopang'ono, osati mmene maroboti amachitira, amene amathira mazana nthawi imodzi n'kusowa. Izi zinkabwera ziwiri, zitatu, n'kupuma, n'kubweranso. Zinamukayikitsa pang'ono, koma anadziuza kuti akuba a pa intaneti nawonso amasintha machenjera.

Itangokwana 12 koloko kunalowa imelo yochokera kuchilumba.

"Salaam achemwali. Ndayang'ana katatu lero, palibe uthenga. Ndiye kuti madala agona bwino, Alhamdulillah. Zikomo potiyang'anira. Uladi."

Janeth anamwetulira, n'kuyankha kuti zonse zili bwino. Anatero asanayang'ane kalikonse.

Azana yoitanira anthu ku swala, pemphero la masana, itamveka pa mzikiti wa kuseri kwa msika, foni inanena makumi asanu ndi atatu. Apa anaganiza zopita ku ofesi, osati chifukwa cha mantha, koma kuti akaone nkhope za adani ake, Lolemba akawaonetse a Macloud. Anadya kaye, anasamba, anakwera kabaza. Mlonda anamutsegulira geti akuyasamula. M'kachipinda muja munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo seva inkangolira chamumtima monga mwa masiku onse. Wotchi ya pa kompyuta inkati 1:40.

Anatsegula khola.

Mizere yoyambirira inatsika yofanana, yonse ya zilembo zikuluzikulu, yonse yopita kwa munthu mmodzi. Woyamba unafika 6:12 m'mawa.

"INNALILLAHI WA INNA ILAIHI RAJIUN. ULADI, BAMBO AKO CHE IBRAHIMU ATISIYA M'BANDAKUCHA. NYAMUKA POMPANO. TIKUDIKIRA MPAKA SWALA YA MASANA. AMALUME AKO SWADICK."

Pansi pake panali nambala ya foni. Janeth anatsika ndi mizere ija. Maadiresi anali a anthu enieni: aphunzitsi, ogulitsa nsomba, wina wa ku Chiponde, awiri a ku Joni. Dzina la Awa panalibe. Cha m'ma 9 koloko mauthenga anasiya kufanana, anthu anayamba kulemba mawu awoawo, koma sefa inali itaphunzira kale. Inaphunzira kuti Ibrahimu ndi dzina la sipamu. Inaphunzira kuti atisiya ndi mawu a akuba. Womaliza unafika 1:05 kuchokera pa adiresi ya munthu wina, ndipo unali wa zilembo zing'onozing'ono.

"Achimwene ndine Awa. Foni yanga inathima dzulo, magetsi kulibe. Bambo awasambitsa kale, awaveka nsalu ya sanda. Bwanji mwangokhala chete? Mwatikwiyira?"

Anatulutsa uthenga woyamba uja m'khola kuti upite kuchilumba. Kenako anaimba nambala ija. Inaitana nthawi yaitali, ndipo itayankhidwa kumbuyo kunkamveka mawu a amuna ambiri akuwerenga motsitsa.

"Ndi a Swadick? Ndine Janeth, wa ku ofesi kwa Che Uladi."

"Eya, mayi. Wanyamuka nthawi yanji mwanayo? Anthu ali kugombe kuyang'ana boti chiyambire 10 koloko."

"Sananyamuke, bambo. Uthenga wamupeza panopa."



"Panopa," anabwereza a Swadick. Sanakweze mawu. "Mayi, ine ndinalemba dzuwa lisanakwere. Ndinaopa kuti umodzi ungasochere m'njira, ndiye ndinauika pa gulu la kumzikiti ndi la pabanja, n'kunena kuti aliyense amene ali ndi imelo atumize womwewu, asasinthe ngakhale liwu limodzi, kuti mwanayo asasokonezeke. Anthu atumiza. Ena achita kubwereka mafoni. Mwa onsewo palibe ndi umodzi womwe umene unafika?"

"Anafika onse, bambo. Makina athu anawatsekera."

"Chifukwa chiyani?"

Janeth akanati chiyani? Kuti ukanakhala umodzi ukanadutsa? Kuti anatsekeredwa chifukwa anthu ochuluka ankamufunira Uladi zabwino?

"Ndikupempha, bambo," anatero m'malo mwake. "Akanyamuka pano afika cha m'ma 6. Mudikireko. Kapena mawa m'mawa. Ndi usiku umodzi wokha."

"Mayi, mukuchokera kuti inu?"

"Ku Dedza."

"Ndamva." A Swadick anapuma mozama. "Tinati masana, masana apita. A shehe atilola mpaka swala ya alasiri, ya cha m'ma 3 koloko, chifukwa cha mwanayo. Dzuwa mukuliona nokha. Manda anakumbidwa kale, jeneza lonyamulira maliro lili pakhomo, anthu akhala pano chiyambire m'mawa osadya. Malemuwo nawonso ali ndi ufulu wawo, sitingawasunge ngati katundu. Alasiri ikatha tinyamula. M'manda ndilowamo ine."

"Koma anamulonjeza bambo ake."

"Ndinalipo pamene ankalonjeza," anatero a Swadick, n'kudula foni.

Janeth anakhala pampando osagwira kalikonse. Anawerengera maola ngati kuti akawerengera kachiwiri atuluka ena. Uthenga ukanamupeza Uladi 6 koloko, 10 koloko bwenzi ali pagombe la Lungwena, ali ndi nthawi yosamba, yoona nkhope ya bambo ake asanaiphimbe. Ukanamupeza 11 koloko, akanafikabe. Ngakhale ola limene iye ankakangana ndi wakabaza za fumbi, nthawi inali ikadalipo. Anadzida, ndipo kudzidako sikunathandize aliyense.

Anaganiza zoimbira a Macloud, koma a Macloud alibe boti louluka. Anaganiza zokwera njinga yamoto kuwoloka mlatho mpaka ku Lungwena, koma akanakanena chiyani kumeneko choposa chimene wanena kale? Anangokhala, akuyang'ana bokosi la imelo. Kuchilumba kunali chete. Mwina laputopu inali yotseka, anthu ali panyanja kuyeza nsomba. Mwina Uladi anali atagona pamthunzi, mtima uli m'malo chifukwa cha yankho limene iye anamupatsa masana.

Nthawi inadutsa 2 koloko, inadutsa 3 koloko. Mlonda anasuzumira kufunsa ngati atseke geti, ataona nkhope yake anabwerera osafunsa.

Azana ya alasiri inayamba pa mzikiti wa kuseri kwa msika, wina wa kutsidya kwa mtsinje n'kulandira. Isanathe, kompyuta inalira kamodzi. Uladi sanalembe moni.

"Ndauona. Ndikunyamuka. Koma achemwali, pamwamba pake palembedwa 6:12 m'mawa. Ine ndinayang'ana 7, ndinayang'ana 9, ndinayang'ana 12. Maola onsewa unali kuti?"

Akanatha kunena kuti netiweki inavuta. Pa Mangochi palibe amene amatsutsa zimenezo, ndipo Uladi akanakhulupirira, chifukwa ankamukhulupirira pa chilichonse cha makina. Analemba mawu akuti netiweki, anawayang'ana, anawafufuta. Kunja azana inali itatha, ndipo ankadziwa chimene amuna a ku Lungwena achite akangotuluka mumzikiti.

Analemba mzere umodzi n'kuutumiza.

"Unali ndi ine, Che Uladi."