Mabuku a Pansi pa Bedi

Atasuntha bedi la malemu, a Fanwell, mng'ono wawo, anangoti chilili, dzanja likadali pa chitsulo cha kumutu. Pansi pakepo panali mabuku, mazanamazana, oyalidwa mopingasana pamwamba pa matabwa kuti chinyezi chisawapeze.

Linali tsiku logawa katundu, lachitatu chiikireni maliro a bambo Zakaria. Majekete, nsapato ndi zida zawo zomangira zinali kale pamphasa panja. Esinati, mwana wawo wotsiriza, anaima pakhomo la chipinda atanyamula chipewa cha bambo ake.

A Fanwell anatsegula buku limodzi, naona chidindo cha laibulale.

"Alamu, izi mumazidziwa?"

"Ndagona pamwamba pake miyezi khumi," anayankha mayi Lidia, mkazi wa malemu. "Ndingalephere bwanji kudziwa?"

"Katundu wa khonsolo uyu. Makiyi ankasunga achimwene, dera lonse likudziwa. Zikamveka adzati wakuba, apolisi adzafika pano misozi isanaume." Anatsitsa mawu. "Ku Epworth amayi ogulitsa maputi, chimanga chophulitsa chija, akusowa mapepala okulungira. Ndikawapatsa awa, ndibwera ndi ndowa ziwiri za ufa. Chidindo palibe adzachiona."

Chaka chimenecho m'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndipo ufa umene anadyera anthu pamaliro unali womaliza m'nyumbamo.

Esinati anakulira m'holo ya khonsolo mmene munali laibulaleyo. Bambo ake anafika ku Harare kuchokera ku Dedza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nayamba ntchito yosakaniza matope pomwe maziko ake ankakumbidwa. Nyumba itatha sanachokenso, anakhala mlonda wake. Inali ya njerwa zofiira, khonde la nsanamira zisanu ndi imodzi, kumanzere holo ya maukwati ndi misonkhano, kumanja laibulale. Mawindo a laibulale anali aatali, oyang'ana kummwera. "Kuti kuwala kulowe, dzuwa litsale panja," ankatero bambo ake, monyada ngati anajambula okha pulaniyo. Pansi pa mawindo amenewo Esinati anakondana ndi amuna ambirimbiri a m'mabuku, anayenda panyanja asanaionepo. Kenako mayi woyang'anira laibulale anapita ku Joni, zitseko zinatsekedwa, aphunzitsi nawo anasowa, iye n'kutsala panyumba, kudikira moyo umene sunkabwera. Miyezi khumi yonseyi mabuku ali kuseri kwa khoma la chipinda chake!

"Adadi sanabe," anatero Esinati, koma mawu anatuluka aang'ono kuposa mmene ankafunira.

"Nanga ankawerenga? Munthu wosaina ndi chala? Mwina ankawerenga ndi msana," anatero a Fanwell.

"Denga la laibulale linkadontha," anatero mayi Lidia. "Ankabwera nawo awiriawiri m'jekete. Mwezi watha anamaliza kuliphimba ndi malata a migolo, ndiye matenda anawagwira asanabweze."

"Bwanji osandiuza ine, amayi?"

"Iwe? Bwenzi atathera kale kwa anzako."

A Fanwell anapukusa mutu. "Mawu a mkazi wamasiye apolisi samva, alamu. Ndipo mapepala sadyedwa."

"Ndamva, alamu. Njala ndikuidziwa, ndi ine ndimapala mphika. Koma inu ndinu wogawa, mwambo mukuudziwa kuposa ine. Chimene sichinali chake sitigawa. Mukachigawa, munthu amayenda nacho pamutu kumene ali, sakhala pansi. Ngati anaba, tikabweze. Ngati sanabe, tikabwezenso."

A Fanwell anayang'ana denga nthawi yaitali. Kenako anatuluka, nakafufuza m'matumba a majekete pamphasa paja mpaka makiyi analira.

Anabwereka wilibala yonyamulira mabukuwo kwa anansi. Masana onse anthu ankawayang'ana pamsewu, ena pamzere wa madzi kumjigo ankanong'onezana. Esinati anawerama. Mumtima ankapempha chinthu chimodzi chokha, chaching'ono ngakhale chotani, choti chimuuze kuti amayi ake sakungophimba manyazi a amuna awo.

Chitseko cha laibulale chinatseguka mosavuta. Pansi panali popukuta, fumbi la mwezi umodzi wokha. Kudenga zigamba za malata zinkaoneka, zokhomedwa mwaukhondo. Mashelefu a mbali ya kummawa anali pululu.

"Haya, wasukulu," anatero a Fanwell, akupukuta thukuta. "Lililonse lipite pati? Tifika Khirisimasi tili muno."

Esinati anatola buku, nafunafuna kapepala ka manambala kumsana kwake. Kanali katasendeka ndi chinyezi. Anatola lina, chimodzimodzi. Polizondotsa kuti aone kumapeto, anaona timizere ta choko m'munsi mwake: titatu toima, kamodzi kopingasa.

"Bambo aang'ono, izi n'chiyani?"

A Fanwell analandira bukulo, naliyandikitsa kumaso. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mashelefu, chala chikutsata m'mphepete mwa matabwa. Pa shelefu iliyonse panali timizere ta choko, tosiyana ndi ta inzake. Anaima pa yachitatu kuchokera pawindo, imene timizere take tinkafanana ndi ta m'munsi mwa bukulo.

"Umu ndi mmene achimwene ankawerengera ng'ombe tili ana," anatero. "Iliyonse khola lake."

Mayi Lidia anakhala pampando wa ana, maondo atakwera, nakonza duku lawo. Esinati anazondotsa buku lachiwiri, lachitatu, lachikhumi. Onse anali ndi timizere, ngakhale kabuku kopyapyala kong'ambika chikuto.

A Fanwell anavula chipewa, nachiika pawindo. Anawerenganso timizere ndi chala, milomo ikugwedezeka, nalowetsa bukulo pamalo pake. Anatambasula dzanja osacheuka.

"Ndipatse lina, mwana wanga."