Tsamba la Nkhuku la Eneless

Mlongo wanga wamkulu Eneless ndinamuona komaliza pa siteshoni ya maminibasi ku Chongwe, akukangana ndi kafoni kake ka mabatani. Ndinali nditamupangira tsamba la pa intaneti logulitsirapo nkhuku, chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera ku koleji imene sindinaimalize.

"Gilbert, ichi chinthu chako sichitseguka. Nichoyera chabe monga mbale."

Ndinakhala pa thumba lake la chakudya cha nkhuku n'kutsegula laputopu. Pamutu pa tsamba pamakhala matagi, timizere timene munthu sationa, koma timauza burauza, pulogalamu ya m'foni yotsegulira masamba, kuti tsambalo ndi lotani ndipo ilionetse bwanji. Anga anali a mafoni atsopano okha. Ndinawonjezapo a mafoni akale, ndipo dzina lake linatulukira pa galasi losweka la kafoni kaja. Anaseka, n'kukwera basi ya ku Bundabunda. Patatha sabata anamwalira pobereka.

Chaka chino mwamuna wake, a Benedict, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anafuna kuti tsambalo likhale lolengezera mwambo wovundukula mwala wa pamanda. Ananditumizira latsopano lopangidwa ndi mnzawo wa ku ofesi: nyimbo, makandulo oyaka, ndi tsiku la mwambo litalembedwa m'kati mwa chithunzi chachikulu. Matagi akale onse anali atachotsedwa.

Ndinaliyesa pa kafoni ka Eneless, kamene ndimasunga. Mbale yoyera.

A Benedict anabwera Lamlungu pa galimoto.

"Alamu, ku Bundabunda sizatseguka iyi. Ba Dyness, ba Nelesi, bonse bamene benze kugula nkhuku, mafoni yawo ni monga iyi."

"Niziba. Bazamvela ku chalichi. Ma browser ya kudala yanafa, mwana. Nipase password ya tsamba."

"Ba Nelesi sibapemphela kwanu. Bazamvela kuti?"

"Iwe, sukulu inakukanga, manje ufuna kuniphunzitsa za mkazi wanga?"

Mawuwo anandilasa, pakuti ndi Eneless yekha amene sananditonzepo za sukulu. Koma amayi aja ndi amene anasambitsa thupi la Eneless, pamene anzawo a Benedict a ku ofesi anali pa mipando pansi pa tenti.

"Makandulo yanu nizaika. Koma matagi yakhala, na tsiku nizalemba m'mawu. Password sinipasa."

"Ninshi usabwele ku nyumba kwanga."

"Ku manda nizabwela. Si kwanu kuja."

Anamenyetsa chitseko cha galimoto, fumbi n'kundithira. Ndinabwezera matagi aja, limodzi ndi limodzi, monga ndinachitira pa thumba lija. Tsikulo ndinalichotsa m'chithunzi, n'kulilemba m'mawu wamba pansi pa dzina lake.

Kenako ndinayatsa kafoniko. Kanazengereza, monga mwa masiku onse. Linatuluka dzina lake, ndipo pansi pake mzere umodzi.

Loweruka, 14 Seputembala 2024.