Moni wa ku Indiana

Bambo Fryson anapondako ku Dubai, ku Joni ndi ku Guangzhou, ndipo mavani awo onyamula katundu amadziwika mumzinda wa Glasgow, kuyambira ku Springburn mpaka ku Easterhouse. Koma konseko sanalandirepo moni ngati wa Tusekelege, chibwenzi cha mwana wawo Mapopa, mtsikana wokulira ku Indiana, ku America. Anangofika n'kuwakumbatira, amvekere, "Uli bwanji, Fryson?"

Uli! Kwa munthu wa imvi! Tsiku lomwelo bambowo analamula kuti ankhoswe asapite kwa makolo a mtsikanayo.

Malumbo, mwana wawo wamkazi, sanatsutse. Anangowasiyira m'vani kabuku kakale ka kuyunivesite, konena za mtsikana wa ku America amene anapita ku Italy n'kumayenda poyera ndi mnyamata wakonko, mpaka anthu anamufulatira. Bambowo anakawerenga podikira katundu.

"Wolembayu ndi dolo," anatero pa chakudya. "Atsikana a ku America ndinawaona ndi maso angawa. Mwano wokhawokha!"

"Akwawo ena anakwiya nako, adadi, ati kakunyoza ana awo," anatero Malumbo. "Koma mwaona amene anamufulatira?"

"Eni dziko."

"Ayi. Ndi anzake a ku America, okhalitsa kunja, oumirira mwambo kuposa eni ake."

"Iwe, usandiphunzitse. Pasipoti yanga inadzaza kawiri."

Komabe m'mawa mwake anakatsegulanso kabukuko. Zinalidi choncho.

Lamulungu mapemphero atatha, anthu ankamwa tiyi muholo ya tchalitchi. Nkhani ya "uli" inali itafika kale paliponse. Tusekelege anaima yekha pazenera, kapu m'manja, amayi onse atamupatsa misana. Bambo Fryson anaiyang'ana misana ija, zitenje zowala pamwamba pa majuzi ochindikala. Onsewo anali okhalitsa ku Glasgow, ena anabwera pambuyo pa bambowo.

Bambowo anaika kapu yawo pansi n'kudutsa pakati pawo.

Mtsikanayo anamwetulira. "Uli bwa..."

"Muli. Kwa wamkulu timati muli. Tayesa."

"Muli bwanji... adadi?"

"Ehee! Ndili bwino, kaya iwe?" Kenako anatembenukira kwa akazi awo, mawu atakweza kuti holo yonse imve. "Amake Mapopa, aimbireni ankhoswe aja. Mwana uyu ndimuphunzitsa ndekha, ine amene ndimadziwa moni wa Chiarabu ndi wa Chitchaina womwe!"