Kamtengo Kamodzi ka Machesi

A Kenan anali chogwada kutsogolo kwa chimbaula chawo, akugwedeza chitsulo chapansi kuti phulusa ligwe, pamene foni inalira patebulo. Anaisiya ilire. Ukamagwedeza malasha sulekezera panjira. Anawaphunzitsa choncho ndi a Mervin, mdala wa ku Pennsylvania amene a Kenan anali asanamuonepo nkhope. Pa Fesibuku mdalayo anaikapo chithunzi cha galu wake.

Foni inaliranso. Anapukuta manja pathalauza n'kuyankha. Anali akazi awo, a Magdalene, kuchokera ku Indianapolis.

"Bambo a Atupele, amayi atisiya."

"Ah! Liti?"

"Lero, kuchipatala ku Ntcheu. Aika mawa. Ine ndingakafike pa ndege yake iti?" Kenako anati, "Anthu ayamba kale kufika kuno. Bwerani."

"Ndikubwera," anatero a Kenan. Koma maso awo, abale inu, anali pambaula.

Nkhani ya mbaulayi inayamba chonchi. Zaka ziwiri zapitazo a Magdalene anapeza ntchito ya unamwino ku chipatala china cha m'tauni ya Indianapolis, n'kukachita lendi kanyumba ku Lawrence. A Kenan anatsala ku South Bend chifukwa cha nyumba yawo ndi ntchito yosamalira okalamba. Mwana wawo Atupele anali atapita ku koleji. Anapangana kuti azionana kumapeto kwa sabata iliyonse, lero uyu abwere, sabata inayo winayo apite. Masiku enawo nyumba inkangoti zii. A Kenan ankayatsa wailesi kukhitchini kuti akamachokera kuchimbudzi azimva ngati muli munthu.

Tsiku lina akusesa chipinda chapansi anapeza kachitseko kachitsulo pakhoma, kochita dzimbiri. Anakajambula n'kufunsa pa Fesibuku kuti ndi ka chiyani. Munthu wina anawayankha kuti kale ankathirirapo malasha, ndipo anawaitanira ku gulu la anthu ofunditsa nyumba ndi malasha. Analowa kuti akangosuzumira. Atapositi chithunzi chija, anthu makumi atatu anakomenta tsiku lomwelo. Makumi atatu! Pa gulu la Watsapu la Amalawi, a Kenan akalemba kanthu ankangolandira ka chala kamodzi, nthawi zina kochokera kwa abusa okha.

Pofika Okotobala chimbaula chakuda chinali chitakhala pabalaza ngati mlendo wosanena tsiku lobwerera. Chumuni anakonzetsa, kabelu kolira mpweya ukaipa anakhoma, gasi anazimitsa.

Poyamba anavutika. Iwo anakulira pa mbaula ya makala, yomwe ukaona ikufooka umaitokosa ndi kamtengo n'kuikupiza ndi chivundikiro cha poto. Atatero ndi malasha, moto unangofa. Katatu konse. A Mervin ndi amene anawalangiza kuti moto uwu sufuna kutokosedwa. Umafuna kugwedezedwa pansi, kudzazidwa pamwamba, n'kusiyidwa. M'mawa kamodzi, madzulo kamodzi, tsiku lililonse, osadumphitsa.

Ndiye pagulupo panali mpikisano wawo. Ukayatsa moto kumayambiriro kwa chisanu, uusunge mpaka chisanu chithe osayatsanso machesi ena. Kamtengo kamodzi kokha. M'mawa uliwonse aliyense ankapositi chithunzi cha malawi ake abuluu ndi nambala ya tsiku. A Kenan anali pa tsiku la 94, ndipo pa atsopano onse panalibe wina wofika pamenepo. Kuyambira tsiku loyamba lija, ku Indianapolis anali asanagoneko. A Magdalene anabwera kawiri, anaona amuna awo akudzuka folo koloko kukagwada pabalaza, ndipo kachitatu ananena kuti ali ndi shifiti.

Tsono Loweruka limenelo, ataika foni pansi, a Kenan anatenganso foniyo n'kulemba pagulu: apongozi anga amwalira, ndiyenera kuchoka, moto ungakhale maola angati? Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati maola khumi ndi awiri, wina khumi ndi anayi ukatseka bwino mphepo. Awiri anayamba kukangana okhaokha za kukula kwa malasha. A Mervin analemba "pepa," kenako ndime zitatu za mmene angatsekere kachitseko ka mphepo.

Anadzaza mbaula mpaka pakamwa, anavala jekete lakuda, n'kunyamuka cha m'ma naini. Chikwama cha zovala sanatenge.

Msewu unali woyera ndi chipale chofewa mbali zonse, minda yopanda kanthu mpaka kumene maso alekezera. Anadraiva maola awiri ndi theka akuwerengera chamumtima: akanyamuka kumeneko faifi koloko, moto aupeza uli moyo.

Ku Lawrence anapeza nsapato zitaunjikana pakhomo. M'nyumba mipando anali ataikankhira kukhoma. Azimayi anakhala pansi, zitenje pamwamba pa mathalauza a chisanu, akuimba nyimbo za m'buku motsitsa mawu poopa aneba a pamwamba. Pampando umodzi anaimikapo foni, ikuonetsa kumudzi ku Ntcheu: khonde la nyumba, anthu ali mbwee, azibambo atazungulira moto panja.

Atupele anawakumbatira, nalankhula Chingerezi chake, iwo namuyankha m'Chichewa. A Magdalene anali pakona, atafunda chitenje kumutu. A Kenan anagwada, anawagwira dzanja.

"Pepani, mayi a Atupele."

"Zikomo." Anawayang'ana manja. Zikhadabo zinali zakuda. "Chikwama chili m'galimoto?"

A Kenan anakhosomola. Mwamwayi nyimbo ina inayamba.

Azibambo anali atapanikizana kukhitchini, ena ataimirira. A Bizwick, msuweni wa a Magdalene, woyendetsa basi mumzindamo, anawapatsa mpando.

"Alamu! Mwabwera nokha? Mayi aang'ono mwawasiya?"

"Mayi aang'ono ati?"

"Akuda bii aja, onenepa. Timawaona pa Fesibuku m'mawa uliwonse. Asisi anga chithunzi chawo munapositi liti komaliza?"

Azibambo anaseka chogwira pakamwa, poti panali pamaliro.

"Inu simudziwa," anatero a Kenan. "Kutentha kwake ndi kwina. Kumalowa m'mafupa."

"Ehee, ndi zomwe amanena onse amitala," anatero a Bizwick. Analoza foni ya pabalaza ija. "Taonani kumudzi. Akusonkhezera moto uyo ndi mkamwini wamng'ono. Nkhuni watema yekha. Wamkulu tili naye kuno, katswiri wa moto Amereka yense, koma moto wake wausiya ku South Bend."

Anasekanso. A Kenan anaseka nawo mano okha.

Tsiku linapita ndi tiyi, nyimbo ndi mapemphero. Anthu ankalowa atavala zovala za kuntchito, kukhala pang'ono, n'kuthamangira shifiti. A m'banja okha ndi amene ankayala mabulangete, chifukwa mwambo woika maliro unali woti auonere limodzi pafoni m'mawa mwake. A Kenan ankasuzumira foni yawo pansi pa tebulo. A Mervin anali atalemba: usapitirire eyiti koloko, mnyamata wanga. Mnyamata wa zaka 57.

Itakwana hafu folo anaimirira, makiyi ali m'manja.

"Alamu, kuti?"

"Ndikangoona kunyumba. Mawa m'mamawa ndikhala nditafika."

A Bizwick sanaseke ulendo uno. "Apongozi anu sanaikidwe. Kumudzi mukanachoka?"

"Kuno si kumudzi, alamu."

"N'chifukwa chake. Kumudzi asisi akanakhala ndi mudzi wonse. Kuno ali ndi ife, ndipo theka la ife tikulowa ntchito sikisi koloko."

A Kenan anapitabe pabalaza kukatsanzika. Anagwadanso pakona paja, mmene amagwadira pambaula.

"Mayi a Atupele, ndimati ndithamange pang'ono..."

"Ndamva." A Magdalene sanakweze mawu. "Pitani. Ungazime."

"Ndibwera m'mawa."

"Amayi anakufunsani pa Khirisimasi. Ndinawauza kuti muli kuntchito. Ndikanati chiyani? Kuti akamwini anu akulera moto?" Anakokera chitenje kumaso. "Ine ndimadya kawiri patsikunso, bambo a Atupele. Palibe anabwerapo kudzaona ngati ndazima."

A Kenan anatuluka. Anafufuza nsapato zawo pamulu uja, anakalowa m'galimoto n'kuliza injini. Dzuwa linali litatsika, lofiira koma lopanda ntchito. Anatsegula gulu lija. Anthu anali akukanganabe pansi pa funso lawo, tsopano za mtundu wa ndowa yotayira phulusa. Makomenti 63. Anawerenga onse, mmodzimmodzi, kufunafuna wina amene wafunsa dzina la malemu. Panalibe.

Anakhala choncho injini ikulira. Kenako anaimbira neba wawo wa ku South Bend, mayi wachikulire amene ankasunga kiyi wapadera, n'kumupempha kuti akadine kabatani ka gasi pakhoma kuti madzi angaundane m'mapaipi ndi kuzizira. Mbaula asaikhudze.

Atabwerera, a Bizwick anangowaponyera bulangete. "Lanu ndi ili, lalifupi. Aatali atenga amene anabwera ndi zikwama."

M'mawa mwake anaonera mwambo wonse pa kafoni kaja. Netiweki inkadukaduka. Bokosi likutsikira m'manda chithunzi chinaima, ndipo chitabwerera anali akukwirira kale. A Magdalene analira kwambiri pamenepo. A Kenan ndi amene anagwira foniyo mpaka mapeto.

Anafika ku South Bend Lolemba masana. M'nyumba munali mofunda, kufunda kwa gasi kopanda fungo. Anatsegula chitseko cha mbaula n'kupisamo dzanja. Phulusa lozizira. Anajambula, napositi osalemba nambala. Mayankho sanachedwe: unatsekula mphepo kwambiri, unadzaza molakwika, chaka chamawa uchita bwino. A Mervin anati ayatsenso lero lomwe, ayambirenso kuwerenga.

Foni inalira.

"Mwafika?" anafunsa a Magdalene.

"Ndafika."

"Nanga odwala mwawapeza bwanji?"

"Atisiya."

Kenako a Magdalene anaseka, kaphwete kakang'ono kotopa, koyamba chiyambire Loweruka.

"Pepani, bambo a Atupele. Mwambo uli liti? Tiuze a Bizwick asonkhanitse anthu?"

"Musawauze a Bizwick, chonde."

Atadula foni, nyumba inabwerera mwakale, zii. A Kenan anakhala pampando moyang'anana ndi chimbaula chija, jekete la maliro lili m'thupi, bokosi la machesi lili m'manja. Analitsegula, analitseka. Analiika pamwamba pa mbaula yozizirayo, n'kutsika kuchipinda chapansi kukafuna chikwama chawo chaching'ono. Anachipeza kuseri kwa matumba a malasha, chitadetsedwa. Anachipukuta ndi kansalu, anaikamo malaya awiri ndi mswachi, n'kuchiimika pafupi ndi chitseko.

Linali Lolemba. Lachisanu linali kutali, koma anachisiya pomwepo.