Tiyi wa Namzeze

Intaneti ya pakhomo pathu inali ndi tsankho. Sabata yonse inkayenda bwinobwino, ine n'kumaonera mpira mpaka maso kuwawa. Koma likafika Lamulungu masana, mchemwali wanga akangoimba kuchokera kudziko lakutali kumene amagwira ntchito ya unamwino, inkaduka. Nkhope yake inkauma pa kompyuta kukamwa kuli yasa, kenako kankhata kosonyeza kudikira kaja n'kuyamba kuzungulira.

Zinkandipweteka chifukwa sinali nkhani yongocheza. Bambo athu anali atayamba kuiwala. Anayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako mayina a anthu. Ine mwana wawo pena ankanditcha achimwene, pena bwana, popeza moyo wawo wonse anagwira ntchito yoperekera zakudya muhotela. Adokotala anatiuza kuti nkhope zimene saziona kawirikawiri ndi zimene zidzayambe kuwachoka. Ndiye mchemwali wanga, amene bambo ankamutcha Namzeze kuyambira ali wakhanda, ankaopa kuti tsiku lina adzafika ndi masutikesi ake pakhomo, bambo n'kumufunsa kuti akufuna ndani.

Lamulungu lililonse zinkayenda chimodzimodzi. Ndinkawakhazika bambo pampando wa m'chipinda changa, dzuwa likulowa pakatani, fumbi likuyandama mwaulesi m'kuwalako.

"Bambo, ndine! Mukundiona?" Namzeze ankatero akugwedeza dzanja.

Bambo ankapendeketsa mutu n'kumvetsera ngati munthu amene wamva nyimbo yakale kwa aneba. Kenako ankadzuka, kukonza kolala, n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani, ndikubwera." Akatuluka, sipankapita nthawi, intaneti n'kuduka.

"Andithawanso," Namzeze ankatero pafoni pambuyo pake. "Usandinamize iwe. Sanandizindikire."

"Achemwali, musamatero. Ndi netiweki chabe."

Mumtima nane ndinkaganiza zomwezo, kuti bambo akuthawa mlendo wa m'galasi la kompyuta. Koma matenda awo sindikanatha kuwachiza, choncho mkwiyo wonse ndinautsanulira pa intaneti. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Ndinaiiwalitsa netiweki n'kulowetsanso mawu achinsinsi. Ndinaika mapulogalamu atsopano, ndinafufuta akale, ndinasintha mawu achinsinsi aja poganiza kuti aneba akutibera. Aneba, anthu osalakwa, ndinawapatsa moni wa mphuno mwezi wathunthu.

Ndinkatha nthawi yaitali ndikulimbana ndi kompyuta. Ndikamakafika kukhitchini kumene kunali rauta, kabokosi kogawa intaneti, pamwamba pa furiji pamene waya wa kampani amalowera, ndinkapeza timagetsi take tonse tikuyaka, tobiriwira, tosadziwa kanthu. Pofika nthawi imeneyo Namzeze amakhala atathamangira kuntchito.

Ndinaimbira akampani. Mtsikana wa mawu okoma anandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndinamuyankha kuti ndazimitsa chilichonse m'nyumba muno kupatula bambo anga. Anatumiza mmisiri, amene anabwera Lachitatu, tsiku limene intaneti inkathamanga ngati yaba. Anayeza apa, anayeza apo, anakwera pa denga, n'kutsika akudzisasa fumbi.

"Bwana, odwala anuwa ali bwinobwino," anatero. "Yesani waya wolunjika kuchokera ku rauta mpaka pa kompyuta. Mwina makomawa ndi amene akudya netiweki."

Masana ena ndinkagona chagada n'kumaganizira mawu a Namzeze ali pa ulendo. Ndinkawaona akutsika masitepe a nyumba yake, akulowa pansi pa nyanja, akudutsa pakati pa nsomba zogona, akutulukira kumtunda ali chinyowere, akuyenda pa mawaya pamwamba pa madenga. Ulendo wonsewo osapunthwa, n'kudzagwera pakhomo pathu penipeni, patatsala khonde limodzi kuti afike kwa mwini wake. Ndinkamva chisoni, ndipo chisonicho chinkandisandutsa waukali.

Ukaliwo ankaulawa ndi bambo. Lamulungu madzulo ndinkapeza kapu ya tiyi wozizira pawindo la kukhitchini, pa sosa, supuni ili pambali.

"Bambo, mwayambanso kuwononga shuga? Tiyi ameneyu ndi wa ndani?"

Ankayang'ana kapuyo nthawi yaitali. "Kaya, bwana. Mwina alendo achoka."

Waya uja ndinagula, wautali wabuluu. Ndinauyala kuchokera kukhitchini, kudutsa m'khonde, kulowa pansi pa chitseko changa. Lamulungu linafika, Namzeze anaimba, bambo anakonza kolala n'kupepesa, intaneti n'kuduka.

Ulendo uno kompyuta sindinaikhudze. Ndinati wayayu ndiye waduka penapake, ndipo ndimupeza. Ndinagwada n'kuyamba kumutsatira ndi zala, kukwawa m'khonde ngati mwana, mpaka mutu wanga unatulukira pakhomo la khitchini.

Timagetsi ta rauta tinali titazima. Pulagi yake inali lende pambali pa furiji, ndipo mu soketi yake munali pulagi ya ketulo. Bambo anali ataima chowongoka, kansalu koyera kali pamkono, akupukuta kapu yachikasu imene Namzeze ankamwera ali pasukulu. Ankaimba chapansipansi.

"Bambo, mukutani?"

"Shii," anatero osacheuka. "Namzeze wafika. Sunamumve? Wachokera kutali mwana uja, sangakhale pansi kukhosi kuli gwa."

Ndinakhala pomwepo pa simenti. Ketulo inawira, nthunzi inakwera m'kuwala kwa pawindo. Bambo anathira madzi, anazula ketulo, n'kubwezera pulagi ya rauta m'malo mwake, chifukwa woperekera zakudya wabwino amasiya chinthu mmene anachipezera. Timagetsi tinayamba kuphethira. Iwo ananyamula kapu, anatembenuka, kenako anaima. Ndinaona m'maso mwawo kuti dzina lija layamba kuchoka. Anayang'ana kapu, anayang'ana windo, dzanja n'kuyamba kulowera komweko.

Ndinadzuka n'kuwagwira pachigongono. "Ali kuchipinda, bambo. Namzeze ali kuchipinda. Tiyeni."

Tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa waya wabuluu uja, kapu ikulira pa sosa. Ndinaimbanso ndikupemphera kuti Namzeze akhale asanatuluke. Anayankha atavala kale yunifolomu, chikwama chili paphewa, maso ali ofiira.

"Ndachedwa, tiyesanso sabata ya mawa," anatero.

"Dikirani kaye, achemwali."

Bambo anawerama monga ankachitira kuhotela, naika kapu patsogolo pa kompyuta, chogwirira chitaloza kwa Namzeze. Nthunzi inaphimba galasi, nkhope ya Namzeze n'kumaoneka ngati ili kuseri kwa mvula. Bambo anatenga kansalu kawo n'kupukuta galasilo mosamala, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano.

"Waonda, Namzeze," anatero. "Ndakuthirira shuga wambiri mmene umakondera. Imwa asanazizire."

Mchemwali wanga anatsitsa chikwama n'kukhala pansi.